Lupanga la Moto ndi Madzi a Napolo

Nkhani yoyankhulidwa kwa ophunzira a sekondale, aphunzitsi ndi makolo ku Phalombe

Ndaima pamaso panu m'dera limene mchombo wanga unagwera.

Mutu wa nkhani yanga utalengezedwa, ndinaona nkhope za makolo ena zikukwinyika. Ndikudziwa chimene chili mumtima mwanu: munthu imvi zayamba kale kutuluka, m'malo mouza anawa za mayeso a MSCE kapena za mtengo wa nandolo, wabwera kudzakamba za magemu? Ndipirireni pang'ono. Tikamafika kumapeto tikhala tabwerera kuno kwathu, pansi pa phiri la Michesi.

Gemu ya pa TV ndinayamba kuiona ndili Fomu 1, nditapita kutchuthi kwa amalume ku Limbe. Anali ndi kamakina kapulasitiki kochokera ku China, kokhala ndi kaseti yachikasu. Pa kasetipo analemba kuti muli magemu 9,999, koma ukawerenga bwinobwino analipo osakwana 20, ena onsewo anali omwewo ongosinthidwa maina. Ikakana kuyaka, tinkaizula, n'kuiuzira ngati tikukoleza moto wa nkhuni zaziwisi, n'kuibwezeramo. Tiwanthu take tinali ta timabokosi, nyimbo yake ngati kulira kwa nkhululu, koma nsima inkazizira patebulo ife maso ali tong'o pagalasi. Patapita zaka, ndili ku koleji, mnzanga wina anandionetsa pa kompyuta yakale gemu ya mtundu wina, yopanda wotchi yokuthamangitsa, imene umayenda m'dziko lalikulu uli ndi lupanga, kufunafuna njira wekha. Dzina lake ndi The Legend of Zelda.

Gemu imeneyi inatuluka ku Japan mu February 1986, yopangidwa ndi kampani ya Nintendo motsogozedwa ndi Shigeru Miyamoto ndi Takashi Tezuka. Miyamoto anakulira kumudzi, ku Sonobe kufupi ndi Kyoto, ndipo wakhala akufotokoza kuti maganizo a gemuyi anachokera ku ubwana wake, pamene ankayendayenda m'thengo, n'kupeza phanga, n'kulimba mtima kulowamo ndi nyali. Taimvetsani bwino mfundo imeneyi, ana anga. Imodzi mwa magemu otchuka kwambiri padziko lapansi inabadwira m'mutu mwa mwana wakumudzi wokonda kukwera mapiri. Ndani mwa inu sanalowepo m'phanga posaka mbira kapena potola nkhuni?

Mu gemumo muli mnyamata wotchedwa Link. Amayamba chimanjamanja, nkhalamba ina ya m'phanga n'kumupatsa lupanga. Ntchito yake ndi kusonkhanitsa zidutswa 8 za chinthu champhamvu chotchedwa Triforce, kuti akagonjetse chilombo Ganon ndi kuombola mwana wamkazi wa mfumu. Mungaone kuti ndi nthano yeniyeni, yonga zija agogo ankatiuza madzulo ife tikuvomera kuti tili tonse. Kusiyana kwake n'kwakuti muno mwini ulendo ndiwe. Ukasokera wasokera ndiwe, ukafa wafa ndiwe.

Chimene ndikufuna tiyang'anitsitse ndi mphamvu zimene mwini ulendoyu amapatsidwa. Mu Zelda yoyamba ija Link amagula kandulo. Akayatsa nayo chitsamba choyenera, pansi pamatseguka makwerero olowera kuchipinda chobisika. Mu 1990 kampani ya SNK inatulutsa Crystalis, imene ili ndi malupanga anayi: la mphepo, la moto, la madzi ndi la bingu. La mphepo limaswa makoma a miyala, la moto limasungunula makoma a madzi oundana, la madzi limaumitsa mtsinje kuti ukhale mlatho, la bingu limaboola chitsulo. Pali adani ena amene ukawamenya ndi lupanga lolakwika limangolira kuti ngwe! osawapweteka. Mu 1991 munatuluka Zelda ina, A Link to the Past, mmene muli ndodo ya moto ndi ndodo ya chisanu, komanso chilombo Trinexx cha mitu itatu: mutu wolavula moto umafooka ndi chisanu, wolavula chisanu umafooka ndi moto. Mu 1993 kampani ya Square inatulutsa Secret of Mana, mmene mphamvuzi zili ndi eni ake, mizimu 8, ndipo inayi mwa iyo ndi Undine wa madzi, Gnome wa dothi, Sylphid wa mphepo ndi Salamando wa moto.

Maina anayiwa sanayambire ku Japan. Anatengedwa kwa sing'anga wa ku Switzerland wotchedwa Paracelsus, amene anamwalira mu 1541, ndipo ankaphunzitsa kuti m'madzi, m'nthaka, mumlengalenga ndi m'moto mumakhala zolengedwa zosaoneka. Iyenso anapeza maziko atakumbidwa kale ndi Mgiriki wina, Empedocles, amene anakhala zaka zoposa 400 Yesu asanabadwe, ndipo ankati chilichonse chinapangidwa ndi mizu inayi: moto, mpweya, madzi ndi dothi. Anthu a ku China amawerenga zisanu: mtengo, moto, dothi, chitsulo ndi madzi, ndipo amati chilichonse chili ndi chinzake chochibala ndiponso china chochigonjetsa. Aphunzitsi a Kemesitire ali pano akuuzani kuti masiku ano tikudziwa maelementi 118, ndipo moto suli m'gulumo. Akunena zoona, pa mayeso lembani zimenezo. Koma anthu akalewa sanali opusa. Ankatchula zinthu zimene zinkawadyetsa ndi kuwapha.

Apa ndiime kaye ndi makolo. Mawu akuti matsenga kuno kwathu si oseweretsa. Tonse tikukumbukira 2017, pamene mphekesera za anamapopa zinagwedeza Mulanje ndi Phalombe, anthu osalakwa n'kuphedwa pamisewu, ogwira ntchito zachitukuko n'kuthawa m'madera athu. Choncho kholo likamva mwana akunena kuti wapeza mankhwala oponyera moto, mtima umagunda. Ndikukutsimikizirani kuti mkati mwa makinawo mulibe chithumwa kapena nyanga. Muli masamu okhaokha. Munthu anakhala pansi n'kulemba kuti mdani uyu ali ndi moyo wa manambala 20, moto ukamukhudza chotsani 8, madzi akamukhudza musachotse kanthu. Ndi malamulo onga a bawo: njere zikathera pa dzenje lakuti, wadya. Mwana amene wazindikira kuti kuseri kwa chodabwitsa chilichonse kuli lamulo loti lifufuzidwe, mphekesera sizimutenga msanga. Ngati pali gemu yoti muiope, ndi kandege kaja ka juga kamene kakumaliza ndalama za fizi m'mafoni. Kameneko sikafuna nzeru, kamafuna thumba lako.

Tsono chimene magemu akale ankachita bwino ndi ichi: mphamvu iliyonse inali ndi malire ndi mtengo wake. Kandulo yoyamba ya Link imayaka kamodzi kokha pamalo amodzi, ukaphonya uyenera kuchoka n'kubwereranso. Ndodo ya moto imamwa mphamvu m'kabotolo kobiriwira ka pakona, kakauma ndodoyo yasanduka chikuni wamba. Ndipo pali kanthu kena kamene kanandiseketsa tsiku loyamba koma lero kamandiganizitsa. Nthawi zina ukatentha chitsamba n'kutsika makwerero mokondwa, poyembekezera chuma, umapezamo nkhalamba yokwiya imene imakulanda ndalama, akuti zokonzera chitseko chimene wawononga. Moto wakutsegulira njira, inde, koma wakusiyira ngongole.

Komabe pali pamene magemu onsewa amalekezera, ndipo ndi pomwe ife a ku Phalombe tikuwaposa. M'magemuwa moto, madzi, mphepo ndi dothi ndi antchito a mwini ulendo. Amazinyamula m'thumba, n'kuzituma podina batani. Ife tinazidziwa mwa njira ina.

Chaka chomwe chija ana a ku Japan ankaphunzira kugwiritsa ntchito ndodo ya moto ndi ya chisanu, Lamulungu pa 10 March 1991, phiri la Michesi linang'ambika. Mvula inali itagwa kwa masiku, dothi la m'mapiri litakhuta madzi mpaka kulephera kudzigwira. Matope, mitengo ndi miyala zinatsikira pa boma la Phalombe ndi midzi yozungulira, anthu mazanamazana n'kutha. Ine ndinali mwana wa pulayimale, kwathu kunali chakutali pang'ono ndi phiri. Patapita masiku bambo ananditenga kukafuna achibale. Chimene sichichoka m'maso mwanga ndi mwala waukulu kuposa nyumba yathu, utakhala pakati pa munda wa chimanga ngati unabadwira pomwepo, ndipo pambali pake panali mtondo wosinjira, wathunthu, wosang'aluka n'komwe, mwini wake osaoneka. Akuluakulu ankalankhula motsitsa mawu: Napolo wadutsa.

Dzina limeneli linali lodziwika kale. Mu December 1946 Napolo anadutsa ku Zomba, n'kukokolola milatho ndi midzi, oimba n'kumuimba, ndipo pambuyo pake mlembi Steve Chimombo anamusandutsa mutu wa ndakatulo zake. Makolo ankati ndi chinjoka chokhala pansi pa phiri, chimene chikafuna kusamukira kunyanja chimalambula njira yake chokha. A sayansi amati ndi dothi la pamalo otsetsereka limene lalemera ndi madzi, n'kugumuka, n'kutseka khwawa, madzi n'kuunjikana kuseri mpaka kuphulika. Mafotokozedwe awiriwa amasiyana, koma malangizo awo ndi amodzi: usamange m'njira yake. Madzi saiwala khwawa. Mu March 2023 namondwe Freddy, amene anakhala masiku 36 ali moyo, kuposa namondwe wina aliyense wolembedwa m'mabuku a zanyengo, anatikumbutsanso mwambiwu. Anthu oposa 1,000 anafa m'dziko muno, ndipo abale athu a kwa Nkhulambe sakufunika wowafotokozera. Ambiri a inu munagona m'makalasi chaka chimenecho.

Madzi omwewo amadziwanso kuthawa. Nyanja ya Chilwa, kumene mtsinje wa Phalombe umathira, ilibe potulukira, ndipo ndi yosaya. Inauma mu 1968, inaumanso mu 1995, ndipo mu 2018 asodzi anaonanso mabwato awo atakhala pa dothi long'aluka, matemba atasowa pamsika. Mphepo nayo timaidziwa ndi maina ake. Chiperoni, amene dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique, amabwera ndi nkhungu ndi mvula yowaza m'miyezi yozizira. Mkuntho wa mvula zoyamba umasasula malata a tchalitchi ngati ukusenda nthochi. Za moto ndiye musachite kufunsa: chaka ndi chaka mu September ndi October timauona usiku ukukwawa m'phiri ngati mkanda wofiira, woyatsa wake mwina amangofuna mbewa zingapo. Mkungudza wa m'phiri la Mulanje, mtengo wa fuko lathu umene sumera mwachilengedwe kwina kulikonse padziko, watsala pang'ono kutheratu chifukwa cha macheka ndi moto womwewo.

Nthano ya Achewa ya ku Kaphirintiwa imati pachiyambi Chauta, anthu ndi nyama ankakhala pamodzi mwamtendere. Tsiku lina munthu anapekesa timitengo tiwiri, moto n'kubuka, tchire n'kuyaka. Nyama zinathawa n'kusanduka zakuthengo, kupatula galu ndi mbuzi zimene zinathawira kwa munthu, ndipo Chauta anakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Onani kusiyana kwake. M'magemu ambiri, tsiku limene wapeza moto ndi tsiku la chikondwerero, kanyimbo kamalira. Mu nthano yathu, tsiku limene munthu anapeza moto ndi tsiku limene anayamba kusenza mlandu. Ndipo amayi a Chilomwe ali pano amadziwa mbali inayo ya nkhaniyi. Kalongonda ukamuphika mothamanga amaledzeretsa, mwinanso kupha. Koma ukamuwiritsa tsiku lonse, kutaya madzi, kuthira ena, kusonkhezera moto, kutayanso, amasanduka chakudya chimene chapulumutsa mabanja m'zaka za njala. Moto ndi madzi zimathandiza munthu wodziwa ndondomeko yake ndiponso wodekha. Imeneyo ndiyo nzeru yathu, ndipo sindinaipeze mu gemu ina iliyonse imene ndinasewerapo.

N'chifukwa chake ndikuti pakati panu patuluke wopanga gemu ya kuno. Musaseke. Ku Cameroon, Olivier Madiba ndi anzake a Kiro'o Games ku Yaoundé anatulutsa Aurion: Legacy of the Kori-Odan mu 2016, magetsi akuwazimira ngati mmene amatizimira ifemu. Mu 2024 Abubakar Salim, amene makolo ake ndi ochokera ku Kenya, anatulutsa Tales of Kenzera: Zau, nkhani ya sing'anga wachinyamata wovala zigoba ziwiri, cha dzuwa ndi cha mwezi, ndipo anaipanga polira bambo ake omwe anamwalira. Ku Alaska, anthu a mtundu wa Iñupiat anagwirizana ndi akatswiri n'kutulutsa Never Alone mu 2014, nthano ya mtsikana Nuna ndi nkhandwe yake, ofunafuna gwero la mkuntho wa chisanu wosatha. Nthanoyo imasimbidwa m'chilankhulo chawo, ndipo akuluakulu a mtunduwo ndiwo ankaunika chilichonse.

Wina anena kuti amenewo ali ndi zipangizo. Apa ndi pamene magemu akale amatilimbitsa mtima. Makina a Nintendo a nthawi imeneyo anali ndi malo ogwirira ntchito a mabaiti 2,048 okha. Zelda yonse, mapiri, mapanga, nyimbo ndi zilombo, inakwana m'makilobaiti 128, kutanthauza kuti chithunzi chimodzi chimene mumajambula pafoni paukwati chimailemera maulendo oposa 10. Kusowa kunawaphunzitsa luso. Mario, mwini ulendo wa gemu ina ya Nintendo, ali ndi ndevu za pamlomo ndi chipewa chifukwa timadontho tinali tochepa, sakanatha kumujambula pakamwa ndi tsitsi. Mu Super Mario Bros. ya 1985, mtambo ndi chitsamba ndi chithunzi chimodzi, anangosintha mtundu. Kodi si nzeru yomwe ija ya mwana wopanga galimoto ya mawaya, mateyala ake zitsekerero za mabotolo? Kodi si mpira wachikulunga? Lero magemu ooneka mwachikale chonchi akugulidwabe. Stardew Valley, gemu ya ulimi ya timabokosi imene inatuluka mu 2016, anaipanga munthu mmodzi, Eric Barone, kwa zaka zoposa zinayi, ndipo yagulidwa ndi anthu mamiliyoni. Zida zilipo zaulere: Scratch ya oyamba kumene, ndi Godot, imene anaiyambitsa anyamata awiri a ku Argentina. Gemu yaing'ono imalowa mufoni yotchipa, siidya bandulo, ndipo kasola kakang'ono kapadenga kakwanira kuitchaja.

Tiyeni tiiganizire limodzi gemuyo. Mwini ulendo akhale mtsikana wa ku Chiringa, mdzukulu wa agogo odziwa za phiri. Mapu tili nawo kale: kumpoto madambo a Chilwa, pakati Michesi, kenako mpata wa Fort Lister, pamene Angerezi anamanga linga mu 1893 kuti atseke njira ya ogulitsa akapolo yopita kunyanja ya mchere, ndipo pamwamba pa zonse Sapitwa, mamita 3,002. Malamulo a m'phiri nawonso makolo anatilembera kale: ukapeza chakudya chokonzedwa panjira, idya wekha mwakachetechete, usaitane mnzako, usanyamule chotsala. Wophwanya lamuloli mu gemu yathu, nkhungu imutsekere njira.

Mtsikanayu apatsidwe mphamvu zinayi zija, koma mwa chikhalidwe chathu. Chikuni cha moto chimutsegulire njira m'tchire, koma mtengo uliwonse umene wapsa pamtsetse gemuyo iziwerenga chamumtima, osamuuza. Dzinja likafika, madzi atsike molingana ndi chiwerengerocho. Mphamvu ya dothi ikhale khasu, milambala ndi udzu wa vetiva. Mphamvu ya mphepo ikhale khutu: kumva kumene yachokera, kudziwa ngati yanyamula chiperoni kapena namondwe. Mphamvu ya madzi ikhale kukumbukira makwawa akale amene anthu anamangamo nyumba. Ndipo pamapeto, pamene magemu ena onse amaika chilombo choti uchibaye, ife tiikepo Napolo amene sabayika. Lupanga lililonse lizingolira kuti ngwe! Ngakhale wosewera atasamala mitengo yonse, Napolo adutsebe, chifukwa zoona zake n'zakuti mvula ikapyola muyeso phiri limagumuka ngakhale lili ndi nkhalango. Chosintha chikhale kukula kwa chiwonongeko ndi nthawi yothawira. Kupambana kukhale chiwerengero cha anthu amene wawafikitsa kumtunda usiku umenewo: agogo osatha kuyenda, mayi wa pakati, bambo wamakani wokana kusiya mbuzi zake, amene uyenera kupeza mawu omugonjetsera. Mwana wa ku Tokyo kapena ku London sanasewereko gemu yotere, ndipo sangaipange, chifukwa sanamvepo phiri likulira usiku.

Chenjezo langa ndi limodzi. Si zonse za makolo zimene zili zogulitsa. Za kusimba ndi za kudambwe zili ndi eni ake, ndipo maina a anthu amene anapita ndi madzi si zoseweretsa. Chitani monga anachitira a ku Alaska aja: yambani mwakhala pamphasa ndi akuluakulu, muwafunse chimene chingatuluke ndi chimene chiyenera kutsala. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto.

Aphunzitsi anzanga, mwana akakubweretserani kope lojambulamo mapu a gemu, musamulande. Muli masamu mmenemo, muli Jogalafe, muli Chichewa, muli mbiri. Makolo, ikani malire a nthawi, pakuti madzi akatungidwe ndipo homuweki ilembedwe, koma tsiku lina khalani pambali pa mwanayo mumufunse kuti akufotokozereni malamulo a chimene akusewera. Akalephera kufotokoza, gemuyo ndiyo ikumusewera iyeyo.

Inu ana anga, ndikusiyirani ntchito, ndipo siifuna magetsi. Opanga Zelda anayamba kujambula dziko lawo papepala la timabokosi, chigawo chilichonse timabokosi 16 m'litali ndi 11 m'lifupi. Kope lanu la masamu lili ndi timabokosi tomweto. Madzulo ano tsegulani tsamba lakumapeto, mujambule mudzi wanu: nyumba, mjigo, tchalitchi kapena mzikiti, manda, mtengo wa mpoza ngati ulipo. Mukatha, mupite nalo kwa munthu wamkulu koposa m'mudzimo, mugwade, mumupatse pensulo, mumupemphe kuti akulozereni pamene madzi anadutsa mu 1991 ndi pamene anadutsa mu 2023. Mizere iwiriyo ikagwera pamodzi, muwerenge nyumba zimene zaima pamwamba pake. Ngati gemuyo idzapangidwe, chigawo chake choyamba ndi chimenecho. Ngati siidzapangidwa, pepalalo mukalionetsebe kwa amfumu mvula isanagwe.